Chikwanje Chikavula Penti

Mvula yoyamba ikamayandikira, masitolo a zipangizo pa boma la Rumphi amatulutsa katundu pakhonde. Makasu amawaunjika pansi, zisenga amazipachika pamisomali, zikwanje n'kuziimika mundowa zogwirira zili m'mwamba. Zina n'zakuda bii ndi penti, zina zapakidwa vanishi wonyezimira dzuwa likawomba, zina zili ndi kapepala kofiira komatidwa pafupi ndi chogwirira. Mlimi wochokera ku Mhuju kapena ku Bolero amasolola chimodzi, kuchiyesa kulemera m'dzanja, kuchigogoda ndi chikhadabo kuti amve kalilidwe kake, kenako n'kufunsa: "Adada, chimenechi n'chorijino?" Wogulitsa amavomera, ndipo mwina akunenadi zoona. Koma onse awiri akudziwa kuti chitsulocho palibe amene wachiona. Chimene maso awo aona ndi penti.

Akale anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mwambiwu umamveka kwambiri pa nkhani za ukwati, akamachenjeza mnyamata wotengeka ndi nkhope, ndipo ambiri amaumva ngati ukunena kuti chokongola chilichonse n'chowola. Koma amene anakulira pafupi ndi mtengo wa mkuyu akudziwa kuti palibe mwana anasiyapo nkhuyu poopa nyerere. Amaitola, kuing'amba pakati ndi zala, kusuzumira, kuuzira zakuda zija, kenako kudya kapena kutaya malinga ndi zimene waona. Nkhuyu ina imapezeka yodzaza tizilombo, ina imapezeka yofiira bwino, yotsekemera. Malangizo a mwambiwo ndi akuti munthu ayambe watsegula. Mlimi wa chikwanje chatsopano uja, akafika kwawo n'kukhala pansi ndi mchenga ndi mwala, ndi zimenezi akuchita.

Penti uja sanapakidwe ndi mtima wachinyengo, ndipo ayenera kupatsidwa ulemu wake. Ntchito yake ndi ya paulendo. Chikwanje chopangidwa ku China, ku India kapena ku Brazil, kumene kampani ya Tramontina yakhala ikusula zitsulo kuyambira 1911, chimagona milungu ingapo m'kontena panyanja yamchere, mumpweya wachinyezi. Chikatsika pa doko la Dar es Salaam chimakwera lole, kulowa m'dziko muno pa Songwe, kudutsa Karonga ndi kukwera chitunda cha Chiweta. China chimadzera ku Beira kapena ku Nacala, n'kuyamba chakhala m'nyumba zosungira katundu ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Pambuyo pake chimadikira wogula kwa miyezi. Nthawi yonseyi chilibe mwini wochipukuta, ndipo popanda chophimba chikanafika ku Rumphi chitafiira kale.

Chifukwa chake chili m'chitsulo momwemo. Zikwanje zambiri, makasu ndi mipeni yakale yakukhitchini amapangira chitsulo chokhala ndi kaboni pang'ono, wosafika gawo limodzi pa magawo 100 alionse. Kaboni wochepayo ndiye amachititsa kuti chitsulo chikatenthedwa n'kuviikidwa chilimbe, chithwe, chisunge kuthwako. Koma chitsulo chotere chikakumana ndi madzi ndi mpweya chimachita dzimbiri, nthawi zina usiku umodzi wokha. Chitsulo chosachita dzimbiri chilipo. Harry Brearley anachipanga ku Sheffield mu 1913, ndipo chinsinsi chake ndi chromium, yemwe ayenera kupitirira magawo 10 pa 100. Masupuni ndi mipeni yonyezimira ya pamsika ndi ya mtundu umenewu. Komabe amene amadula mitengo ndi nsungwi amakondabe chitsulo chakale chija, chifukwa n'chotsika mtengo, chimapirira kumenya, ndipo chimanoleka mosavuta ngakhale pamwala wa kumtsinje.

Ulendo ukatha, penti amasanduka cholemetsa. Mlimi wa fodya m'chigwa cha Henga akayamba kudula milimo ya chigafa, kapena wa khofi ku Phoka akamalambula tchire m'mbali mwa munda, amamva chikwanje chikukakamira mumtengo wauwisi, utomoni ukumatirira pavanishi. Akati anole, mwala umadzaza phala lakuda la penti n'kuleka kudya chitsulo. Choipa koposa chimabwera mwakachetechete. Penti akang'aluka pena, madzi amalowa pamng'alupo n'kukhala pakati pa penti ndi chitsulo, pamene nsanza siingafike. Dzimbiri limayenda kunsi, pamwamba pakuoneka bwinobwino, mpaka tsiku lina chikhungwa chakuda chikanganuka n'kusiya maenje ang'onoang'ono. Pa mpeni wakukhitchini palinso china: tizidutswa ta penti timathera m'ndiwo.

Ndiye amausenda. Njira yakumudzi ndi mchenga wosalala wa mumtsinje wa Rukuru, wonyowetsedwa pang'ono, kapena phulusa, n'kumakhula ndi chitsononkho. Amene ali pafupi ndi sitolo amagula sandipepa, wokhakhala woyambira ndi wosalala womalizira. Vanishi woonekera uja sachedwa. Kansanza konyowetsedwa ndi thinazi kamamusungunula, bola ntchitoyo ichitikire panja, kutali ndi moto ndi ana. Penti wakuda amene anawotchedwera pachitsulo ku fakitale ndiye wamakani. Thinazi samuchita kanthu, amafuna kupala basi. Wodziwa amagoneka chikwanje pathabwa, mbali yakuthwa italoza kutali ndi thupi lake, n'kumakhula mobwerezabwereza kuchokera kuchogwirira kupita kunsonga, osati mozungulira, kuti mizere yotsala iyende njira imodzi. Zala zimakhala kumsana kwa chitsulo. Ambiri amene amadzicheka pa ntchitoyi amadzicheka chakumapeto, pamene aona kuti kwatsala pang'ono n'kuyamba kuthamanga.

Sikuti aliyense amachotsa penti yense. Pa chikwanje chakumunda ena amangopala mbali yakuthwa, kukula kwa zala ziwiri, n'kusiya kumsana kuli kophimbika, ndipo nzeru yake ilipo, chifukwa penti amene sanang'aluke akugwirabe ntchito. Koma akayamba kusupuka ndi bwino achoke yense tsiku lomwelo. Chitsulo cha penti wong'aluka n'chimene chimaonongeka msanga.

Masiku ano yesero lalikulu ndi gulayinda. Pa boma, ku Bolero ndi m'misika ina yofikako magetsi muli anyamata owotcherera zitsulo, ndipo ntchito ya masana onse iwo amaimaliza m'mphindi zochepa, moto ukuthetheka. Ngoziyo siioneka kwa munthu wosadziwa. Ku fakitale chitsulo chimatenthedwa kufika madigiri pafupifupi 800, n'kuziziritsidwa mwadzidzidzi kuti chilimbe, kenako n'kufunditsidwanso pang'ono kuti chisamathyoke ngati galasi. Kulimba kumeneko kutentha kwina kungakufafanize. Mbali yakuthwa ndi yopyapyala, imatentha msanga, ndipo chitsulo chimaulula chokha ndi mtundu: pa madigiri opitirira pang'ono 200 chimatenga mtundu wa udzu wouma, kenako chimadera, ndipo pofika cha m'ma 300 chimakhala buluu. Mpeni ukafika pa buluu kumbali yakuthwa, amisiri amati wapsa. Udzanoleka lero n'kubuntha mawa, ndipo mwini wake adzatukwana fakitale pa cholakwa chimene chinachitikira pamsika. Mmisiri wosamala amakhala ndi chitini cha madzi pambali, amakhudza pang'ono n'kuviika, kukhudzanso n'kuviika. Kwa mlimi amene ali ndi nthawi, dzanja ndi mwala n'zimene sizingamuonongere chida.

Penti akachoka, nkhuyu yang'ambika. Poyamba pamaoneka mizere ya makina, yakuya pa chida chopangidwa mothamanga, yosalala pa chopangidwa mosamala. Kenako chizindikiro. Makampani akale ankadinda dzina lawo m'chitsulo. Ng'ona ya pa zikwanje za Martindale za ku Birmingham, imene alimi a m'mayiko ambiri a mu Africa amaidziwa, imatsala ngakhale chikwanje chitakhulidwa bwanji. Chizindikiro chongolembedwa pamwamba chimapita limodzi ndi penti, ndipo munthu amatsala ndi chitsulo chopanda dzina. Kuyesa kwenikweni kumachitika ndi tupa. Chitsulo chofewa kwambiri chimadyeka mosakana, n'kumapinda m'mphepete chikagunda mfundo ya mtengo. Cholimba mopitirira chimaterera, ndipo chimenecho chidzabenthuka pamwala woyamba. Chikwanje chabwino chili pakati: chimalola kunoledwa, koma ukachipinda pang'ono pabondo chimabwerera m'malo mwake.

Ndipo pano mpamene mwambi uja umafuna kumvetsedwa bwino, chifukwa kawirikawiri mkati simupezeka nyerere. Chikwanje chotsika mtengo, cha penti wonyansa, chimatha kubisa chitsulo chimene chidzatumikira banja zaka zambiri. Mpeni wa Okapi, umene machona a kumpoto kuno akhala akubwera nawo m'thumba pochokera ku Joni, ulibe zokometsera zambiri. Unayamba kupangidwa ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902, ndipo kuyambira 1988 umapangidwa ku South Africa. M'matauni a kumeneko unatchuka moipa chifukwa cha zigawenga, koma kumudzi ndi mpeni wosendera nzimbe, wosemera mpini, wodulira luzi. Umada msanga ndipo umathwa msanga, ndipo amene ali nawo saubwereketsa wamba.

Ku Rumphi nkhani ya chitsulo siinayambire m'sitolo. M'mapiri a Phoka ndiponso pamwamba pa Nyika pakupezekabe zotsalira za ng'anjo zakale, ndi milu ya zotsalira zakuda zimene zinkatayidwa chitsulo chikatuluka. Aphoka ankadziwika kutali ngati akatswiri osandutsa miyala kukhala khasu. Ng'anjo yawo yaikulu inali yaitali, youmbidwa ndi dothi, ndipo inkakoka mpweya yokha kudzera m'mipope ya dothi yoikidwa m'munsi, popanda wovukuta. Ankaikamo makala ndi miyala ya chitsulo mosinthanasinthana, moto n'kuyaka usana ndi usiku. Chotulukamo sichinali chitsulo choyera. Chinali chibuma chosakanikirana ndi zinyalala, chimene chinkalowanso m'ng'anjo yaing'ono ya mvukuto, kenako n'kupita pachipala kukamenyedwa mpaka zinyalalazo zitafinyika. Khasu lotuluka pamenepo linkabwera lili lakuda ndi moto, lopanda chophimba chilichonse, ndipo wolilandira ankadziwa mudzi ndi banja la amene analisula.

Khasu lotere linali chuma. Linkasinthanitsidwa ndi mbuzi, mchere ndi chakudya. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, wamalonda wotchedwa Mlowoka atawoloka nyanja kudzafuna minyanga ya njovu ku Nkhamanga, mbiri ya Atumbuka imati mwa mphatso zimene ankapereka kwa eni nthaka munali nsalu, mikanda ndi makasu. Ufumu wa Chikulamayembe, umene likulu lake lili ku Bolero, unamera pa malonda amenewo, ndipo mwambo wa Gonapamuhanya umene umachitika kumeneko umakumbutsa chiyambi chimenecho.

Zinthu zinatembenuka m'nthawi ya atsamunda. Mu 1894 Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia paphiri la Khondowe, pakati penipeni pa dziko la Aphoka, ndipo sukulu ya Overtoun inayamba kuphunzitsa anyamata ukalipentala, kumanga, kusindikiza mabuku ndi ntchito za zitsulo, pogwiritsa ntchito chitsulo chobwera pa sitima. Masitolo anadzaza makasu a ku Britain, ndipo zidutswa za makina akutha zinayamba kupezeka zoti wosula n'kungotenthetsa. Pofika cha m'ma 1930 ng'anjo zinali zikuzima. Patapita zaka 50, akatswiri awiri, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery, anafika ku Phoka ndi kwa Chulu ku Kasungu kudzafuna nkhalamba zimene zinaona ntchitoyi zili zazing'ono. Nkhalambazo zinaumbanso ng'anjo n'kuyatsa moto, ndipo zimene zinachitika akatswiriwo anazifalitsa mu 1987. Anapeza kuti luso la dothi, makala ndi mpweya linkayenda limodzi ndi mankhwala ambirimbiri ndi miyambo yodziletsa, ndipo kwa eni ake ziwirizi sizinkasiyanitsidwa. Malo ena a ng'anjo zakale zija lero ali mkati mwa nkhalango yotetezedwa ya Nyika, imene malire ake anakulitsidwa mu 1978, anthu n'kusamutsidwa.

Palibe chifukwa cholirira ng'anjo ngati kuti zonse zinali zokoma. Inkadya mitengo yambiri ndi mphamvu za amuna ambiri kuti patuluke makasu ochepa, ndipo khasu la m'sitolo linafika m'manja mwa amayi amene kale ankalima ndi lakutha kapena lamtengo. Chimene chinatayika n'china. Wogula wakale ankadziwa chamkati asanapereke mbuzi yake, chifukwa chitsulo chinabadwira pamaso pa anansi ake. Wa lero amalandira chida chochokera kwa anthu amene sadzawaona, chitavekedwa kuti chifanane ndi zinzake zonse. Kupala penti ndi njira imodzi imene yamutsalira yodziwira chimene wagula, ndipo n'koyenera kuti ana aphunzitsidwe, monga amaphunzitsidwa kusankha mbewu.

Komabe kusenda kuli ndi ngongole yake. Ntchito imene penti ankagwira mwini asanapezeke, tsopano yagwera mwiniyo. Ku Phoka ndi ku Mphompha, kumene nkhungu imagona m'minda ya khofi mpaka dzuwa litakwera, chikwanje chosiyidwa paudzu madzulo chimadzuka chili ndi madontho ofiira. Kunyanja, ku Mlowe ndi ku Chiweta, mpeni wosendera chinangwa cha kondowole kapena wotumbulira nsomba umanyowa tsiku lonse. Lamulo lake n'lalifupi: kutsuka, kupukuta mpaka kuuma, kupaka timafuta, kupachika pouma. Amene akuona kuti sangakwanitse zimenezi, kuli bwino asiye penti mmene alili.

Chitsulo chosamalidwa chonchi sichikhala choyera nthawi yaitali, ndipo wosadziwa amadandaula. Mpeni ukadula tomato, anyezi, mango kapena mandimu umayamba kuda, poyamba timadontho totuwa, kenako mtundu umodzi wa phulusa wofalikira ponse. Chikwanje chodula mathunthu a nthochi chimada kuposa apo. Kudaku n'kosiyana ndi dzimbiri. Dzimbiri lofiira limatupa, kufumbutuka ndi kutsegulira madzi njira yolowera mkati. Khungu lotuwali ndi lopyapyala, limamatirira zolimba, ndipo limachedwetsa dzimbiri lenileni. Ena amalifulumizitsa dala, kupaka viniga kapena madzi a mandimu pachitsulo chotsukidwa bwino, kudikira pang'ono, kutsuka ndi kupaka mafuta. Amayi ambiri sanamvepo za njira imeneyi, koma mipeni yawo yakale ili nalo khungulo, ndipo mwana wakhama akaikwecha ndi sitiliwulu mpaka kuyera amakalipiridwa ndi chifukwa.

Pa mafuta ndi pomwe anthu amalakwitsa. Oyilo wakutha wa galimoto kapena wa chigayo ndi wosavuta kumupeza, ndipo pa khasu kapena pulawo yosungidwa m'chilimwe ena amapaka, koma ali ndi zoipa zosayenera kukhudza chakudya. Chikwanje cha pamudzi sichisankha ntchito; m'mawa chadula nkhuni, masana chikudula nyama ya mbuzi kapena dzungu. Dontho la mafuta ophikira, lopukutidwa mpaka kutsala pang'ono chabe, ndilo loyenera. Cholakwika chinanso ndi maganizo opakanso penti wotsala pa chitseko kuti chida chioneke chatsopano. Kumayambiriro a zaka za m'ma 2020, bungwe la Lead Exposure Elimination Project linayeza mapenti a mafuta ogulitsidwa m'dziko muno n'kupeza kuti ambiri anali ndi mtovu wopitirira muyezo, chinthu chimene chimaononga ubongo wa ana. Makampani angapo asintha kapangidwe kuchokera pamenepo, koma chitini chakale chosungidwa kuseri kwa nyumba palibe angachitsimikizire. Chitsulo chodulira chakudya chikhale chopanda penti.

Osula a masiku ano sanathe. Amapezeka m'mbali mwa misika, pansi pa kachisakasa, ali ndi makala, nyundo, chidutswa cha njanji kapena cha injini chomenyerapo, ndi mvukuto kapena chopemerera choyendetsedwa ndi gudumu la njinga. Miyala ya ku Phoka anaisiya. Chuma chawo ndi sipiling'i yakutha ya galimoto, imene chitsulo chake chili ndi kaboni wokwanira bwino nkhwangwa, kasemasema ndi chikwanje cholemera. Zopanga zawo zimatuluka zakuda ndi khungu la moto, zoyera kumbali yakuthwa kokha, mapazi a nyundo akuoneka. Wogula amatha kuyesa pomwepo pachipika, ndipo chikabenthuka sabata yamawa akudziwa kobwerera.

Kwa iwowa n'kumenenso chikwanje cha m'sitolo chimathera. Chikanoledwa zaka zambiri chimaonda pakati, kenako tsiku lina chimathyoka, kapena chogwirira chimasweka misomali n'kutsala yokha. Mwini wake sachitaya. Amapita nacho kwa wosula, yemwe amachidula pawiri, kutenthetsa chidutswa chilichonse mpaka chifiire, kuchiwongola, kuchiviika m'mafuta kapena m'madzi, n'kuchifunditsanso pamakala akuyang'anitsitsa mtundu wa udzu wouma uja kuti achotse pamoto usanapitirire. Pamatuluka mipeni iwiri, wina wa kukhitchini, wina wa kudimba. Chogwirira amasema cha mtengo wouma n'kuchikulunga ndi mphira ya chubu cha njinga, ndipo malipiro ake nthawi zina amakhala mpeni umodzi mwa iwiriyo.